Tayala la thirakitala sindilisiya

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga. Kuno ku Iponga tili bwino, koma amayi bondo lija likuwavutabe.

Ndamva kuti munaimbira bambo aang'ono kuti andiletse masewera anga, ati mkazi wogubuduza tayala la thirakitala sangapeze banja. Achimwene, njinga ya m'mapiri siifuna miyendo yokha. Imafunanso msana, mapewa ndi mpweya. N'chifukwa chake ndimagubuduza tayalalo n'kumathamanga nditasenza thumba la mpunga mpaka thukuta kamukamu.

Loweruka ndinapalasa kumapiri ndi anyamata amene amandiseka aja. Tinapeza mvula itadula msewu, pali chigwembe. Ine ndinangoponya njinga paphewa, kutsika, n'kukwera tsidya linalo. Lusekelo, uja mukufuna kuti andikwatire, anatsalira pansi ali wefuwefu, akukuwa kuti, "Tusekile, tanditengerako yangayi!" Ndinatsikanso n'kumutengera.

Tsono tayala sindilisiya. Mukamatumiza katundu muikemo magolovesi ndi mabuleki, malangizowo musunge konko. Mulungu akusungeni ku Joniko. Ngati za banja zikukusowetsani tulo, ndipezereni mwamuna wodzinyamulira yekha njinga.

Ndine mlongo wanu,
Tusekile