Maso a Kachiwala

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko, ndiponso kuti msana uja unkadandaula nawo wakuleka. Kuno tilipo. Alamu ako chifuwa chawabwerera, koma mankhwala akukana kumwa, ukuwadziwa makani awo. Mwana wako Kachiwala akudya bwino ndipo watalika, akundifika pachifuwa tsopano.

Ndayesa kukuuza nkhani iyi pa foni, koma ukangoyankha ndimangoyamba kukufunsa za nyengo ngati ndine wa pa wailesi. Ndiye ndati ndilembe. Peza pokhala, uwerenge mpaka kumapeto. Ndili ndi mantha, mng'ono wanga, ndipo sindikubisira.

Ukudziwa kuti kusukulu kwathu tikaweruka, ana amene makolo awo amachedwa kudzawatenga amatsala ndi ine m'chipinda chachikulu chija. Kachiwala amatsala nawo podikira kuti tibwerere limodzi kunyumba. Kuti asagwetse denga ndi phokoso, ndimakankhira mabenchi kukhoma, n'kuwaimika mozungulira, tizisewera. Tsiku lina timagwirana manja n'kudutsitsa chingwe chomanga ngati mkombero, aliyense alowemo osasiya dzanja la mnzake. Tsiku lina timawomba m'manja motsatizana mpaka kuwombako kuzungulire bwalo lonse.

Koma masewera amene amawakonda kwambiri ndi a mpira. Lamulo lake ndi limodzi, palibe kulankhula. Ukagwira mpira umayang'ana mnzako m'maso, iye akakuyang'ananso ndiye umamuponyera. Ndinawayambitsa kuti ana aphunzire kumvana ndi kudikirana, osati aliyense kumangokuwa zake.

Gulu limeneli linkandinyaditsa. Mpira sunkagwa wamba. Ndinafika poitana aphunzitsi aakulu kuti adzaone okha, ine nditaima pambali kudzichemerera. Chimene chinkandikwiyitsa chinali chimodzi chokha. Ana ena asanaponye ankamenya phazi pansi, makamaka mtsikana wina wamtali amene anzake amamutcha Mlongoti. Ndinkamukalipira kuti asiye kusokosa, iye n'kungoti pepani aphunzitsi, mawa lake n'kubwerezanso. Ndinkangoti ndi kusamva kwa ana.

Sabata yatha kunabwera mnyamata watsopano, makolo ake angosamukira kumene kuno. Ndinamufotokozera lamulo, ndipo mwana wa eni analitsatira ndendende. Anagwira mpira, anayang'ana Kachiwala amene anaima mbali ina ya bwalo akumwetulira, iye n'kuganiza kuti amvana. Anaponya.

Mng'ono wanga, mwana wako sanakweze manja. Sanaphethire n'komwe. Mpira unamupeza pankhope akadali kumwetulira, anakhala pansi, kamfuno n'kuyamba.

Magaziwo sanandiopse, ana amatuluka kamfuno tsiku lililonse. Chinandiopsa n'chakuti bwalo lonse linatembenukira kwa mnyamata uja nthawi imodzi, ndipo Mlongoti anamukalipira kuti bwanji waponya osamenya phazi, kodi akufuna kumupha mnzawo. Atangotero anadzigwira pakamwa. Ana onse anagwetsa nkhope pansi.

Nditamupukuta mwana, ndinamutuma kuti akasambe kumaso ku mpope, mapasa awiri amene sasiyana naye n'kunyamuka osatumidwa, wina mbali iyi wina mbali iyo. Otsalawo ndinawakhazika pansi. Ndinawafunsa kuti za kumenya phazizi n'zotani. Kenako Mlongoti anayamba kulira, nkhani yonse n'kutuluka.

Anati Kachiwala saona bwino, ndipo onse akhala akudziwa kuyambira kale. Anati amaona chokhacho chimene chili patsogolo pake penipeni, ngati akusuzumira pa kabowo ka kiyi, koma za m'mbali kulibe. Ndiye anapangana okha kuti wofuna kumuponyera azimenya kaye phazi pansi, iye amve kumene mpira ukuchokera atembenukire komweko. Anapangananso kuti aziponya pang'onopang'ono molunjika pachifuwa. Mapasa aja ntchito yawo ndi kuima pambali pake, mpira ukamabwera mmodzi amamukhudza pachigongono. M'kalasi amamunong'oneza zolembedwa pa bolodi. Potsika masitepe amamugwira dzanja ngati akungocheza.

Ana ang'onoang'ono, ena mano akutsogolo kulibe, anakonza zonsezi pamaso panga, ine ndili pompo kuwakalipira za phokoso.

Ndinawafunsa chifukwa chake sananditsine khutu. Anayang'anana. Mmodzi anati Kachiwala anawalumbiritsa. Anawauza kuti amayi ake ali kutali kukagwira ntchito yovuta, ndipo amayiwo analonjeza kuti zinthu zikayenda adzabwera kudzamutenga. Ndiye akamva kuti mwana wawo wayamba kuvuta maso, adzaona kuti ndi katundu wolemera, sadzabweranso. Ndinakhala pa benchi ya ana.

Sindikukuimba mlandu. Ndikudziwa chimene unapitira, ndipo palibe amene anamuuza mwana zoterezi, anangoziganiza yekha. Ndikungokuuza zimene zili mumtima mwake, poti ndiwe mayi ake.

Tili m'njira kubwerera kunyumba ndinayamba kuona zimene ndakhala ndikuziona osazizindikira. Amayenda mutu ukutembenuka uku ndi uku. Njinga inadutsa pafupi naye, iye anadzidzimuka itapita kale. Kunyumba ndinaika kapu m'mphepete mwa tebulo, pambali pake, n'kumuuza kuti andipatsire. Anaifunafuna ndi maso tebulo lonse, kenako anayamba kupapasa ndi dzanja akuseka kuti ndisaone. Iwe, kupapasa kumeneko ndikukudziwa. Ndi mmene Bambo athu anayambira, ukukumbuka, tikuwaseka kuti akugwetsa makapu ngati mwana, mpaka tsiku limene anatifunsa chifukwa chake sitinayatse nyale dzuwa lili pamutu.

Ndinapita naye kwa dokotala wa maso. Anamukhazika pa mpando wautali, anamuthira mankhwala, anamuunika ndi katochi. Kenako anamuuza kuti ayang'ane mphuno yake, iye n'kumabweretsa chala kuchokera m'mbali, kuti mwana anene akachiona. Kachiwala anayesa kuti ndi masewera, anali akuseka. Chala chinayenda, chinayenda, mwana ali chete kudikira, mpaka chinafika pafupi ndi nkhope. Ndiye anakuwa mokondwa kuti wachiona, n'kundifunsa ngati wapambana. Ndinamuuza kuti wapambana.

Dokotala anandiitanira pakhomo. Anafunsa ngati m'banja mwathu alipo amene anasiya kuona, ndinamuuza za Bambo. Anagwedeza mutu. Anati kabowo kamene mwana akuonerako kakhoza kumachepa, ndipo sangalonjeze kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ena zimachedwa mpaka atakula, kwa ena zimafulumira. Anati pali zoti ayese ndi zoti mwana aphunzitsidwe akadali kuona, koma akufuna mayi ake abwere, akambirane nawo, ndiponso awayeze maso. Ine anandiyeza kale, ndili bwino. Tsono ndiuze zoona, iwe ukuona bwino? Kukayamba kuda umayenda bwinobwino? Usandinamize ngati mwana wako, poti kubisa mavuto anatengera iwe.

Kusukulu lamulo la mpira ndalisintha. Tsopano aliyense amamenya phazi asanaponyere aliyense, kuti Kachiwala asaoneke wosiyana. Mnyamata watsopano uja ndiye amamenya mwamphamvu kuposa onse, mpaka fumbi. Koma ine ndikaima m'bwalomo mtima sukhala m'malo. Ndimangoyang'ana maso a mwana, owala bwinobwino, okongola ngati ako, n'kumadzifunsa kuti lero akuona zochuluka bwanji, nanga mawa.

Dzulo ndikumuluka tsitsi anandifunsa funso limene landilembetsa kalata iyi. Anati, kodi amayi aakulu, munthu akasiya kuona, nkhope zimene anaziona kale zimafufutikanso? Anati nkhope yako wayamba kuiiwala, ndipo ya pa foni ndi yaing'ono, siikhala m'mutu. Ndinapitiriza kumuluka. Kenako anafunsa ngati ndakuuza za maso ake, thupi lonse litauma podikira yankho.

Ndinamuuza kuti ndakuuza, ndipo wati ukubwera. Ndinayankha m'malo mwako ndisanakufunse, ndikhululukire, koma sindikanatha kumusiya ali choncho. Alamu ako amakutcha Mwezi Wamawa chifukwa cha malonjezo ako, ndipo timaseka. Ulendo uno sindikuseka. Lankhula ndi abwana ako, uwawerengere kalata iyi ngati kungafunike. Usadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka, chifukwa sindikudziwa kuti pofika nthawi imeneyo kabowo kadzakhala katatsala kotani.

Undiperekere moni kwa msuweni wathu ndi ana ake, ndi kwa amayi aja mumakhala nawo nyumba imodzi. Alamu ako akuti moni, mapasa ndi Mlongoti nawonso akuti ndikuuze kuti mnzawo akumusamalira. Mulungu akusunge ndipo akutsegulire njira.

Ukadzafika pakhomo usadzamudzidzimutse pomukumbatira cha m'mbali. Udzamuitane dzina, udzagwade patsogolo pake penipeni, pafupi, ndipo usadzafulumire kudzuka. Umulole akuyang'ane mpaka akhute.

Ndine mkulu wako,
Amayi aakulu a Kachiwala