Otchinga kumbuyo a timu ya Tendai

Lolemba madzulo, ku Mbizo.

Lero mtima sunakhale m'malo. Magetsi atabwera masana ndinaonera pa foni masewero a dzulo a mpira wa ku America, uja wa zipewa zolimba. Timu imene mwana wanga Tendai amaikonda chisamukireni kumeneko ndiyo inasewera, ndipo inagonja.

Otchinga kumbuyo a timuyo anandinyansa. Pakati pawo panali ngati khomo lopanda chitseko. Wothamanga ndi mpira ankadutsa pomwepo mobwerezabwereza, iwo n'kumamugwira ndi nsonga za zala ngati akuopa kumudetsera malaya. Woponya mpira wa adani sanamugwetse ngakhale kamodzi, ankachita kusankha womuponyera ngati mayi wosankha tomato pamsika. Ine ndinali wotchinga kumbuyo m'timu ya bhora, mpira wamiyendo, ya ku fakitale ya zitsulo ku Redcliff, ndipo munthu sankandidutsa ali chiimire.

Tendai ataimba ndinamuuza zonsezi. Ndinaonjeza kuti wotchinga wina wamfupi wa kumanzere ndi wamantha, amathawira kumbuyo mpira usanaponyedwe n'komwe.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aiwa mudhara, ayi bambo, ndiyo ntchito yake imeneyo, amadikira mpira wautali. Si bhora ya ku Redcliff iyi."

Manyazi anandigwira, koma Tendai anandifotokozera za mpirawo mpaka foni inatentha kukhutu. Timu yake ikapambana amangoti "tawina" n'kudula.

Mulungu andikhululukire, koma Lamulungu likudzali ndikufuna adani awabowolenso pakati pomwepo. Mwina ndidzapeza mpata womufunsa ngati abwere pa Khirisimasi, chifukwa amayi ake ayamba kale kukonza chipinda...