Bwana Vermaak Ayamba Kutsinzina

Chewore, m'chigwa cha Zambezi
Seputembala 1994

Okondedwa achimwene a Sialumba,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja wayamba kuponda pansi? Ine ndilipo, kungoti akashembe atimaliza, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Nyama yowamba ndinapatsira dalaivala wa lole. Ngati sanaidyere m'njira, ndiye kuti mwailandira.

Achimwene, mtima wanga suli m'malo. Bwana Vermaak, amene ndakhala ndikuwalondolera nyama kuyambira ndisanakwatire, akalamba. Mfuti yawo ya mipope iwiri ija imadya zipolopolo zikuluzikulu za .500, ndipo ikalira imamenya phewa ngati theche la bulu. Kale ankangoseka. Tsopano ndawaona ndi maso angawa, chala chisanakoke amayamba atsinzina. Mlenje kutsinzina pamaso pa njati! Ndipo amene amatsogola chowerama, kufunafuna magazi pa udzu ali chimanjamanja, ndine.

Mlendo wina wa ku Jeremani anawalangiza mwaulemu kuti agule mfuti ya zipolopolo zocheperako, za .450/400, zoti nazonso zimagwetsa njati. Iwo anamuyankha kuti zimenezo n'zophera nkhanga, akawapatse apongozi ake. Msasa wonse unafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka nawo, chitsiru ine.

Komatu eni ake akudziwa. Anaitanitsa mobisa ku Bulawayo zipolopolo za .500 zomwezo koma za wonga wochepa, ndipo tinapita awiriwiri kumtsinje wouma kukaziyesa. Mfuti zimenezi n'zamakani ngati eni ake. Amene anaipanga analumikiza mipopeyo kuti izigwirizana pa chipolopolo cha mtundu umodzi basi. Ukangochepetsa wonga, wakumanja uloza kwake, wakumanzere kwake. Ndi zimene zinachitika. Mabowo awiri pa chandamale anatalikirana moti mbuzi ikanadutsa pakati. Bwana anaponya bokosi la zipolopolozo m'galimoto n'kunena kuti anthu a ku Bulawayo ndi mbava. Tabwereranso ku zikuluzikulu zija.

Mwina mukuti bwanji osangowauza. Ndiyambira pati? Munthu amene anandibereka kumsana mkango utandikhadzula ntchafu, ndikamuuze pamaso kuti wayamba mantha? Pakamwa panga pakana. Kungosowa usiku ngati wakuba nakonso sindingathe. Ndikuchita mantha, achimwene, ndipo kuno ndilibe womuuza.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ku positi ku Binga mukatumize telegalamu yoti ndikufunika kumudzi msanga. Musanamizire matenda a amayi, tingawaitanire tsoka. Munene kuti pali mlandu wa malire a munda. Bwana akaiona andimasula, ndipo palibe amene achite manyazi.

Koma ndisakubiseni mbali inayi. Ndikachoka, amene adzatsogole ndi Jairos, mnzanga wa ku Gokwe amene wabwera chaka chino, bambo wa ana atatu. Iye amayenda momasuka chifukwa amakhulupirira mfuti imene ili kumbuyo kwake. Ndikamuuza, mawa lomwe msasa wonse udziwa, pakuti pakamwa pake sipatsekeka. Ndikapanda kumuuza, njati ikatulukira adzaima chilili kudikira mfuti ilire, pamene ine ndimadziwa zodzigwetsa pansi. Ndalingalira mpaka mutu kuwawa, yankho sindikulipeza.

Mwezi wamawa kukubwera alendo odzasaka njovu, ndipo tikalowa m'ziyangoyango momwe munthu saona patali. Inu ndinu akulu, muone chochita. Telegalamu ikabwera, ndikwera lole. Ikapanda kubwera, nditsogola.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali a ku Siabuwa, kwa alamu ndi ana onse. Kwa mkazi wanga Mutinta munene kuti ndili bwino. Iye amaganiza kuti ntchito yanga ndi yonyamula madzi kumbuyo kwa alenje. Chonde musamuwongolere.

Ndine mng'ono wanu,
Mweembe