Ndawerengera Mlangizi Akazi a Mpunga Wanu

Iponga, Lachinayi, belu la 12 koloko langolira kusukulu.

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko? Miyendo ija inaphwa? Ine ndakhala pakhonde, pepala pabondo. Mukaona zilembo zikuvina musati ndi ukalamba ayi, ndi mkwiyo. Utsi ukadali m'maso mwanga.

Ndiyambe ndi zabwino ndisanaziiwale. Subila, mwana wanga uja munkamutcha wamakani, anabereka wachitatu mwezi wathawu, wamkazi, mphuno yanu yeniyeni, yophwatalala. Ng'ombe yanu yakuda inaswa, chambiko tikumwa. Songwe anasefukira n'kukokolola nthochi zonse za kumunsi, anangosiya tsinde lija munkati silidzabereka. Labereka. Zabwino zathera pomwepa.

Tsopano khalani pansi ndikuuzeni za mwana wanu Ambokile, uja munkamusungira chiwindi cha nkhuku ife tikuguguda zipalapasiro. Lero ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani. Amayenda ndi cholembera m'thumba la malaya, chonsecho kulemba kwake n'kofanana ndi kwangaku.

Nkhani ndi mpunga wanu wonunkhira, uja munaubweretsa kuchokera kwa akulu anu kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kudziko la eni, mutaumanga pansonga ya chitenje. Munaika lamulo: wolandira mbewu, akakolola koyamba, apatse akazi awiri amene alibe. Kamodzi kokha, basi wamasuka. Ndinakufunsani kuti bwanji osapatsa mmodzi, munandiyankha kuti, "Mmodzi angafe, angasamuke, angadye mbewu pa njala. Patsa awiri." Ndipo chaka ndi chaka munkaunjika timiyala kuseri kwa nkhokwe, kuwerenga olandira atsopano. Mwala umodzi ndinu. Kenako mulu wa iwiri, wa inayi, wa 8. Wa 16 munauika mukukwawa, chaka chomwecho tinakuikani inuyo. Ine sindinasiye. Ndinaika 32, ndinaika 64, chaka chino 128.

Sikimu ya boma ija ankakumba ngalande zake inu mukudwala, inatha kumangidwa. Anatigawira maploti. Yanga ndimalima ndi Subila, poti mwamuna wake anapita kumigodi ndipo makalata anaduka. Ndi ploti imeneyo imene imadyetsa ana. M'sikimu amalola mbewu yawo yokha, yaifupi. Imabereka, sindikana, koma ukaphika ngakhale galu satembenuka. Wanu uja timalima kunja, kumadimba. Koma njere ilibe malire. Chaka chino mapesi ake aataliatali anaima pakati pa maploti, kusuzumira anzawo pamutu, ndipo mlangizi wathu, bambo wa kummwera wa nsapato zonyezimira, anati akuwononga giredi ya mpunga kumsika.

Lolemba la sabata yatha anatiitana tonse pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi. Anafunsa kuti mbewu yachilendoyi yachokera kuti. Akazi tonse maso pa zala za kumapazi. Akanafunsa mpaka dzuwa kulowa. Koma mwana wanu anaimirira, n'kukonza kolala.

"Bwana, mbewuyi inachokera kutsidya. Anabweretsa ndi malemu mayi anga. Ankagawa kwa awiri chaka chilichonse."

Kutsidya! Amayi, masiku ano mawu amenewo munthu sawatchula ngakhale ponena kumene wagula mchere. Iye anawatchula pamsonkhano, dzina lanu pambali pake, kuti bwana amuone kuti ndi wokhulupirika.

Mlangizi anatulutsa pensulo. "Awiri pa chaka, zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye 14. Kuphatikiza nyumba ya malemu, 15. Aa, ntchito ya tsiku limodzi iyi. Tisonkhanitsa mbewuyo, titentha, nkhani yatha."

Ndikanangokhala chete! Ndinaona bwinobwino kuti munthuyu waphonya, ndipo kuphonya kwake n'kumene kukanatipulumutsa. Akanatentha za nyumba 15, ena onse n'kumagona tulo. Mayi amene anakhala kumbuyo kwanga ananditsina m'chiuno, poti pakamwa panga amapadziwa. Ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere.

Ndiye mlangizi anandiyang'ana. "Gogo, mwamva? Kapena masamuwa akulemerani, ndikuwerengereni ndi zala za kumapazi?"

Amuna anaseka. Zimenezo ndikanameza. Koma Ambokile anaseka kuposa onse, n'kuti, "Asiyeni bwana. Awa ndi mayi anga ankangosewera ndi miyala kuseri kwa nkhokwe ngati tiana."

Ndinangozindikira ndaimirira.

"Mwana wanga," ndinatero kwa mlangizi, "awiri oyamba aja anadulidwa manja? Iwo sapatsa? Nanga amene anapatsidwa ndi iwowo, ndi zitsa?"

Ndinatola miyala ya m'mbali mwa ngalande, n'kuiyala patsogolo pa nsapato zake. Umodzi. Iwiri. Inayi. 8. 16. Msana utakana ndinangolemba pansi ndi chala, 32, 64, 128. Iye anayamba kuphatikiza papepala, milomo ikugwedera.

"Musavutitse pensulo ya boma," ndinamuuza. "Onani kuno. Phatikizani 1 ndi 2, mupeza 3, koma mulu wotsatira uli ndi 4. Phatikizani 1, 2 ndi 4, mupeza 7, wotsatira uli ndi 8. Mulu watsopano umaposa milu yonse yam'mbuyo pamodzi ndi mwala umodzi basi. Ndiye mukafuna onse, tengani mulu umene ukubwera chaka chamawa, 256, muchotsepo umodzi. Akazi ndi 255. Anandiphunzitsa ndi mayi wosewera ndi miyala uja."

Sanandikhulupirire. Anaphatikizabe, kunyambita pensulo, kufufuta, kuyambiranso. Kawiri konse inatuluka 255. Amayi, ndisaname, zinanditsekemera. Koma kutsekemerako kunatha ndisanameze malovu, pamene ndinacheuka n'kuona nkhope za akazi anzanga.

Ndinayesa kubweza. Ndinati miyala si anthu, ena anadya mbewu, ena anakwatiwa kutali, ena anaiwala lamulo. Anandimva ndani? Mlangizi anali atavala kale nkhope ina.

"Akazi 255 akupatsirana chinthu cha kutsidya mobisa, awiriawiri, boma osadziwa? Gogo, iyi si nkhani ya ulimi tsopano. Loweruka ndikufuna mayina. Apo ayi, nkhaniyi ipita kuboma."

Inu munapita zinthu zisanafike poterepa. Munthu amakwezedwa galimoto chifukwa cha nkhani yochepa kuposa imeneyi, abale n'kumaopa ngakhale kufunsa kumene ali. Sabata yonse kuchitsime palibe anandipatsa moni. Ndikafika, akazi amatula nkhani, n'kusenza ndowa zosadzaza. Sindiwada. Ine ndikanatero.

Lachisanu m'mawa, ndikusesa, anatulukira Ambokile ndi pepala.

"Alongo, tchulani amene mukuwadziwa, enawo tiwapeza potsata. Musandichititse manyazi."

"Manyazi uli nawo iwe? Khala apo, lemba. Woyamba ndi amayi, ukawafunse kumanda, njira ukuidziwa ngakhale sunapiteko chiikireni. Wachiwiri ndine. Wachitatu ndi mkazi wako."

Anaseka, amvekere, "Musaseweretse boma, alongo."

"Amayi anapatsa awiri, ine ndi mpongozi wawo. Chotsa mwala wa amayi pa 255, patsala 254. Gawa pakati. Akazi 127 anatuluka m'nkhokwe yanga, 127 anatuluka m'nkhokwe ya tcheyamani. Lemba bwino, mawa ndikawerenga ndekha pamaso pa bwana wako, mokweza."

Sankadziwa, Amayi! Zaka zonsezi wakhala akudya mpunga umenewo, kunyambita zala, kuitanira alendo a chipani, osafunsa kuti mkazi wake anautenga kuti. Ankayesa umagwa ndi mvula. Anakhala pampando kukamwa yasa, kenako anapinda pepala n'kuchoka osatsanzika.

Zimene anakambirana ndi mlangizi sindikudziwa. Koma naye mlangizi akanakafotokoza bwanji kuboma kuti mbewu inadzaza dera lonse iye akupukuta nsapato? Loweruka anatiitananso. Analengeza kuti afufuza mokwanira, ndipo apeza kuti gogo uja mutu unasokonekera ndi ukalamba, nambala zake n'zamisala. Nyumba yosunga mbewu yoletsedwa si 255, si 15, ndi imodzi. Yanga. Ndipo chifukwa chonyoza wantchito wa boma pagulu, ploti andilanda.

Ndinakhala chete. Mwamva, Amayi? Anandinena wamisala pamaso pa adzukulu anga, ine duu. Chete amene ndinalephera Lolemba ndinamupeza Loweruka, zitavuta kale.

Lero m'mawa abwera, mlangizi ndi Ambokile. Atulutsa madengu awiri a mbewu imene ndinasankha ngala imodziimodzi ndi manja angawa, aithira pabwalo. Woyatsa machesi anali mwana wanu. Sanayang'ane kumene ndinaima. Pochoka anapita kuseri kwa nkhokwe n'kumwaza milu yanu ndi phazi, ngati kuti akamwaza miyala ndiye kuti akaziwo asowa. Ndipo mpunga wanuwo ndi wamwano ngati mwini wake, ngakhale ukupsa unanunkhira mpaka kumsewu.

Subila anaima pakhomo, khanda kumsana, mpaka moto kuzima. Sanalire. Anangoti, "Amama, ndiye ana angawa adya nambala yanu ija?" N'kulowa m'nyumba. Mpaka pano sanatuluke. Ine amene ndinatseka pakamwa mlangizi wa boma, mwana wanga ndalephera kumuyankha.

Ndakwiyira Ambokile, amene anagulitsa dzina la mayi wake kuti bwana amumwetulire. Ndakwiyira wa nsapato uja. Ndakwiyirako inunso, musadabwe. Akazi ena amasiyira ana awo mikanda ndi miphika, inu munandisiyira lilime ili ndi mutu wosalola nambala yolakwa kudutsa. Koma amene ndamukwiyira kwambiri wakhala pakhonde pano akulemba kalata. Masamu anga anali olondola, amene anandinena wamisala akudziwa. Nanga kulondolako ndiphikire ana?

Mbewu sindipempha kwa munthu. Maso ali pa ine, ndipo amene angandipatse ndiye kuti ndamuloza. Mawa ndikatsegula dimba lanu lakale ndibzale mbatata. Nyengo yowokera ikafika ndikagwira ganyu m'sikimu momwemo, madzi m'mawondo, ngakhale m'ploti imene inali yanga, ndipo mwini wake watsopano ndidzamutcha bwana osatsamwa. Ndikulonjezani ziwiri. Ana a Subila sagona ndi njala ine ndili ndi manja. Ndipo mayina a akazi aja, amene ndikuwadziwa, sadzatuluka pakamwa pano kufikira nditabwera kudzakunong'onezani ndekha.

Ndikudziwa simunkawerenga. Pezani wokuwerengerani, aphunzitsi anafa ambiri. Akatha, kalatayi musaisunge, mupatsire ababa, poti muli nawo komweko. Pamene pali dzina la Ambokile awawerengere pang'onopang'ono, asadzati sanamve.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale lero ndakukalipirani,

Tumpale