Dzina la Ababa M'kompyuta ya Kumgodi

Okondedwa achimwene Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Bindura tilipo, ndipo miyendo ya amayi yayamba kupepukako.

Pali nkhani imene yandisowetsa mtendere. Ku ofesi ya mgodi anandipatsa ntchito yosamutsa mafayilo kuchokera m'kompyuta yakale kupita m'makina atsopano. Kompyuta yakale ija imalemba yokha dzina la aliyense wotsegula pulogalamu ndi nthawi yake, koma m'kalembedwe koti makina atsopano sangawerenge. Ine ndinasandutsa zonsezo kukhala tebulo loti munthu n'kuwerenga.

Achimwene, dzina la ababa lilimo. Tsiku lililonse sikisi koloko m'mawa akutsegula mndandanda wa anthu olowa pansi, monga ankachitira ali kalaliki. Mizere ya dzina lawoyo ikupitirira mpaka dzulo, chonsecho tinawaika m'manda chaka chatha.

Nditawaonetsa abwana, anangoseka. "Hapana, mwanangu, palibe choopsa. Mdala anaitchera kuti izidziyendera yokha. Fufuta dzinalo."

Ndinafuna kuwakhulupirira. Koma nditayang'anitsitsa ndinapeza masiku atatu a mu Epulo wa chaka chino opanda kanthu. Ndi masiku omwe aja amayi anagonekedwa m'chipatala ku Shamva. Inu mukudziwa kuti ababa sankajomba kuntchito, pokhapokha amayi akadwala.

Dzinalo sindinafufute, ndipo amayi sindinawauze. Chonde bwerani pa Khirisimasi tidzamange chiliza, abale adzasonkhane, ababa adzauzidwe mwaulemu kuti apume. Ine mwana sindingawachotse ntchito ndekha.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati