Masabata Amene Ndinali Mchemwali wa Mwamuna Wanga

Lolemba, 4 Ogasiti 2014

Chiperoni kuyambira m'mawa. Pakhonde ku Limbe ntchito yochepa, zipi ya thalauza ndi kupinda siketi ya yunifomu basi. Zala kuuma, ulusi kukana kulowa pa singano.

Bambo a Thandi, a Kingstone, afika dzulo kuchokera ku Pemba, kunyanja ya mchere ku Mozambiki. Anapita ndi chikwama cha ziboliboli, abwera ndi tsitsi lopota lofika m'mapewa, mikanda m'khosi, fungo la mafuta a azungu. Thandi anathawira kuseri kwa chitseko. Kuthawa bambo ake omwe.

Nkhani yabwino imene ankanena pa foni ija ndi iyi: mayi wa ku Mangalande akubwera Loweruka. A Marjorie. Amene akhala akutumiza ya lendi ndi ya sukulu ya mkaka ya Thandi. Ndisaname, ndinkadziwa kalekale kuti ziboliboli sizingagule foni ngati ijayi. Koma zinali ku Pemba. Tsopano zikutera pa bwalo la ndege la Chileka.

"Ndinawauza kuti ndiwe mchemwali wanga, Hilda. Masabata atatu okha." Anatero uku akutafuna. Ine ndinangochotsa mbale.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Sitikuyankhulana bwino, koma akayamba za ku Pemba sasiya. Akuti kugombe kumeneko anyamata amalawirira kukathamanga pamchenga osavala malaya, kuti azimayi a m'mahotela aziwaona pomwa tiyi. Kukada onse kumabala, nyimbo, nsomba zootcha, timagetsi m'mitengo ya kokonati. Lero umugulitsa chibangili, mawa umuperekeza kukaona ngalawa, mkuja kiyi wa chipinda ali m'thumba mwako. Atsikana nawonso ali ndi awo, azibambo a m'makampani ndi a m'sitima. Anakumanako ndi wina wa ku Ndirande amene kwawo amadziwa kuti amaluka tsitsi mu saluni. Zonsezi kufotokoza ngati munthu wochokera ku esiteti ya tiyi. "Ndi ntchito, Hilda. Aliyense kumeneko amadziwa kuti ndi ntchito."

Ine nyanja ya mchere sindinaionepo. Ndaionera pa foni yawo, kumbuyo kwa mkono woyera uli paphewa pawo.

Pulani yawo: ukwati wa ku boma ndi a Marjorie, pepala, viza, zaka zingapo ku Mangalande, kenako kutiitana ine ndi mwana. Wathu ukwati ulibe pepala. Uli ndi ankhoswe okha, a Clement kuchimuna, amalume anga a Aleck kuchikazi, ndi nkhuku zimene zinadyedwa kalekale.

Ndapita kukayezetsa magazi osawauza. Zili bwino, akuti ndidzabwerenso. Pobwerera ndalira mu minibasi. Kondakitala anandiyang'ana n'kundidumpha potolera ndalama.

Loweruka, 9 Ogasiti

Wafika. Afika. Kaya ndizimupatsa ulemu polemba muno.

M'mawa ntchito inali yobisa banja. Zithunzi pansi pa matiresi. Nsapato ndi malaya a bambo a Thandi apita nazo ku loji ya ku Namiwawa kumene azikagona awiriwo. Mwana wa zaka zinayi kumuphunzitsa kuitana bambo ake kuti "amalume". Apongozi ndiwo agwira ntchito imeneyo, ndi maswiti m'manja.

Ndinkayembekezera chimkazi chopaka milomo. M'takisi mwatsika mayi wa imvi, wamkulu kuposa apongozi, mapazi otupa, nsapato zafulati. Anali namwino, amuna awo anamwalira. Anandikumbatira, nati m'Chichewa chothyokathyoka, "Muli bwanji achemwali." Thandi amubweretsera chidole ndi nsapato zomukwana ndendende.

Bola akanakhala munthu woipa. Ndikanadziwa pouika mtimawu.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Kutchalitchi ndekha ndi Thandi. Kwathu kuno ku Nkolokosa aliyense akudziwa, palibe wotsegula pakamwa. Moni wake wachita kutalika lero, aliyense kufuna kundiona m'maso.

Esnat wa nyumba yoyandikana nafe, pa mpopi: "Bola ako apeza mzungu. Anga anapeza wa ku Bangwe wosowa ndi sopo yemwe." Ndinaseka. Ndikulowa m'nyumba kuseka kuja kunali kutatha.

Shuga watsala wa mawa. Chikwama cha golosale chimene a Marjorie anasiya chili pakona, sindinachitsegule.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndachitsegula dzulo. Njala ilibe manyazi, ine ndi amene ndili nawo.

Zina zatsopano. A Marjorie akufuna chinkhoswe asanapite ku boma. Akuti sakufuna kuba mwana wa eni ake, akufuna banja liwalandire mwa mwambo. Bambo a Thandi anayesa kuzemba, apongozi n'kuvomera iwo asanamalize. A Clement akhala nkhoswe, a Clement omwe aja anakhala pa changa. Kuchikazi kuimira mwini loji ndi akazi ake. Nanga wosoka zovala ndani? Telala ali pabanja pomwepa, amafuniranji wina.

A Marjorie abwera pakhonde lero, nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu ili m'manja. Ndinawalowetsa kuseri kwa katani kuti ndiwayeze. Tepi ikufika pachifuwa ndinaima. Bere limodzi kulibe, anachotsa kuchipatala. Anaona kuti ndaona. Chingerezi changa n'cha Fomu 2 koma ndinamva zonse. Akuti akudziwa kuti anthu amawaseka, akudziwa kuti Kingstone ndi mwana. Akuti kwawo umatha sabata yathunthu popanda wokugwira ngakhale dzanja. "Mchimwene wako sanayang'ane kumbali ataona chipserachi."

Ndinalemba manambala pa katoni. Ndinkafuna kuwabaya ndi phini. Ndinkafunanso kuwapatsa mpando, mapazi aja.

Bambo a Thandi sindinawayeze. Thupi limenelo ndimalidziwa pamtima.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Ndimalidziwa chiyani. Malaya akana kulowa, mapewa anakula ku Pemba. Kumasula, kuyambiranso.

Bambo a Thandi abwera masana a Marjorie atagona ku loji. Thandi ali kwa Esnat. Kukhoma chitseko, kuyamba kundigwira m'chiuno ngati palibe chachitika. Ndinawauza kuti mchimwene sachita zimenezo ndi mchemwali wake. Anakwiya zedi. "Ukuganiza ndimasangalala? Zonsezi ndikuchitira iwe ndi mwana."

Mwina n'zoona. Chondipweteka n'chimenecho. Lendi imeneyo ndagonera, nsapato zimenezo mwana wanga wavala. Ndikamawatukwana mumtima ndimapezeka kuti ndili pamzere womwewo.

Koma akamanena dzina la mayiyo mawu awo amafewa. Ntchito sifewetsa mawu choncho.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Apongozi kunyumba m'mawa, asanamwe ndi tiyi yemwe. Kukhala pa mpando, kuyang'ana simenti.

Nkhani yake ndi ya ofunditsidwa. Pa chinkhoswe sayamba ndi mkwatibwi. Amayamba kutulutsa ena atawafunditsa chitenje kumutu mpaka kumapazi, mkwati avundukule, akane, anthu aseke, aponye ya thiransipoti kuti akatenge weniweni. Pa changa anafunditsa msuweni wanga Winnie, anthu anaseka mpaka misozi. A Marjorie alibe abale kuno. Atawafotokozera mwambowo anasangalala, n'kutchula ine. Akuti Hilda akhale womaliza iwo asanatuluke, chifukwa ndi amene amamukonda.

"Ukakana akayikira, mwanawe. Ndi kanthawi kochepa." Apongozi anatero maso ali pansi. Mayi amene anandisambitsa nditabereka Thandi.

Sindinatsegule makina lero. Ndinakwera ya ku Chirimba kwa amalume a Aleck. Palibe anawauza chilichonse, nkhoswe wathunthu. Ndawauza zonse, ndi za chikwama cha golosale zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Iweyo ukufuna chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Anafunsa tsiku ndi malo. Akuti abwera, akhala kumbuyo, salankhula ndi munthu.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Zatha. Diresi, duku, malaya. Ndasita ndekha. Zakhala bwino kuposa zonse zimene ndasokapo chaka chino, ndipo zimenezi zikundinyansa.

Bambo a Thandi abwera kudzatenga. Ndawapempha chinthu chimodzi chokha, chimodzi m'masabata onsewa. Mawa mukandivundukula musanene kanthu. Ingopukusani mutu, mundifunditsenso, anthu aseka okha. Pakamwa panu pasatuluke mawu.

"Usadandaule, ndi sewero chabe." Anatero akudziyang'ana pa galasi.

Za amalume sindinawauze.

Thandi wagona ndi nsapato zake zatsopano. Ndalephera kumuvula, akudzuka n'kulira.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Dzulo sindikanatha kulemba.

Ku Namiwawa. Mpanda wautali, kapinga wothirira, tenti yoyera, masipika. Azungu ena a pa loji ndi makamera awo. Athu a ku Nkolokosa mbali imodzi, atavala za pa Khirisimasi. A Clement kutsogolo pa mpando wa nkhoswe, tambala womangidwa miyendo ali pansi pawo. Amalume ndinawaona kumbuyo pafupi ndi geti, chipewa pa bondo.

Anayamba ndi mtsikana wogwira ntchito pa loji. Anthu anaseka bwinobwino. Kenako ine.

M'kati mwa chitenje mumatentha. Fungo la nsalu yatsopano, mpweya wako womwe. Umangoona udzu ndi mapazi. Azimayi awiri kundigwira m'mikono, nyimbo, kuyenda pang'onopang'ono. Ndinaona nsapato za bambo a Thandi zikubwera. Zinaima.

Anavundukula. Tinayang'anana. Kwa kamphindi anali Kingstone uja ndinamupeza akupukuta ziboliboli m'mbali mwa msewu m'tauni, wamanyazi, malaya ong'ambika pakolala. Ndinati m'mtima, apukusa mutu, tipita kwathu, zina tidzaona.

Woyendetsa mwambo anabweretsa maikolofoni pakamwa pawo. "Tiuzeni akulu, mkazi wanu ndi ameneyu?"

Ndiye munthu anaphunzira kusangalatsa alendo. Anabwerera m'mbuyo, manja m'mutu, maso kutuzula. "Ayi! Uyu si mkazi wanga! Sanakhalepo, sadzakhalapo!" Ananenanso m'Chingerezi kuti a makamera amve. Masipika anafikitsa mawuwo mpaka kumsewu.

Nthungululu. Azungu kuwomba m'manja. A ku Nkolokosa ena anaseka kwambiri kuposa onse, ena anayang'ana m'mbale zawo. Esnat anagwira pakamwa. Ndalama zinayamba kugwa pamapazi panga, woyendetsa mwambo akukuwa kuti onjezerani, akuchokera kutali awa, thiransipoti yakwera. Sindinatole. Azimayi aja ananditembenuza kuti tibwerere m'nyumba, ine ndinawasiya ndi chitenje m'manja n'kulunjika ku geti. Mlonda ananditsegulira osafunsa. Kumbuyo nyimbo inasintha, weniweni akutuluka.

Amalume anandipeza pa siteji. Tinaima nthawi yaitali, ku Namiwawa minibasi n'zosowa. "Ndamva ndi makutu anga. A Clement amvanso, ali pa mpando wawo. Mwamuna wakukana pamaso pa ankhoswe onse awiri, kaya amaseka kaya samaseka." Anati sachita kanthu ine ndisananene. Ndikati apite kwa a Clement akathetse ukwati, apita. Ndikati asiye, asiya, ndipo sadzaitchulanso.

Thandi anabwera naye Esnat madzulo, keke ili m'kapepala. Akuti "amalume" anavina kwambiri, kunena bambo ake.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Mauthenga pa foni osaleka. Unali sewero. Unandichititsa manyazi. Ukufuna kuwononga zonse titafika kale pamapeto. Ganizira mwana. Womaliza: ndimakukonda, ukudziwa. Mwina ndikudziwadi.

A Marjorie atumiza mtsikana wa pa loji ndi mapanado, akuganiza kuti ndinadwala mutu ndi kutentha kwa chitenje. Lachisanu akupita ku boma. Akufuna ndikasaine ngati mboni. Chimene ndidzawauze mayi amenewo sindinachipeze. Sanandilakwire, ndipo andilanda zonse.

Ndaganizira mwana usana wonse, makina ali duu. Lendi ya mwezi wamawa sindikuiona. Pakhonde pokha sipangatidyetse awiri, mwina tibwerera ku Nsanje kwa amayi. Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri.

Ndawaimbira amalume. Ndati pitani.

Sanafunse kawiri. Akuti apita mawa m'mawa, ndipo avala jekete lomwe lija anavala pa chinkhoswe changa.