Mkonono Wobwera ndi Zokolola

Mtendere wa Mulungu, amene atigoneka natidzutsanso, ukhale ndi inu nonse owerenga. Kalata ya lero yachokera ku Chiradzulu.

Aphungu,

Ndine mkamwini kuno ku Namitambo, ndipo ndakhala ndi akazi anga a Ellina zaka khumi ndi zisanu popanda mlandu. Vuto ndi limodzi: amaliza mkonono. Chodabwitsa n'chakuti mkonono wawo uli ndi nyengo ngati mvula. Umayamba mu Meyi tikakolola chimanga, umakula mu Seputembala tikamenya nandolo, ndipo mu Febuluwale, nthawi ya njala, umatheratu. Ndaona zimenezi zaka zitatu, kuyambira chaka chimene akuba anatipasulira nkhokwe, ine n'kuyamba kusunga matumba kuchipinda kwathu, nditathira bwino mankhwala a anankafumbwe. Chinanso, atakagona kwa mng'ono wawo ku Mbulumbuzi, iye anandiuza kuti, "Achemwali amagona ngati khanda." Kodi mkonono umabwera ndi kukhuta? Nanga ku Mbulumbuziko sankadya?

Chifukwa chosowa tulo ndayamba kuyala mphasa pakhonde. Lachiwiri m'mawa achimwene awo a Kalinde, omwe ndi ankhoswe athu, anandipeza ndikuipinda. Anati, "Alamu, mwayamba ulonda, kapena akuthamangitsani? Loweruka tikhale pansi." Akazi anga analira, amvekere, "Bambo a Sungani, ngati mwatopa nane ingonenani." Chifukwa chenicheni chogonera pakhonde sindinawauzepo, poopa kuwachititsa manyazi pakati pa abale awo. Loweruka ndikanene chiyani?

M.F., Namitambo

A M.F.,

Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo taonani, yankho mwalilemba nokha osaliona. Ine ndiyesa kuti choliza mkononowo si chimanga cha m'mimba ayi, koma cha m'matumba. Fumbi la chimanga, la nandolo ndi la mankhwala litseka mphuno za anthu ena. Mphuno zikatsekeka munthu apumira m'kamwa, ndipo mmero ulira. Ku Mbulumbuzi mayi anadya ndithu, koma sanagone ndi matumba.

Chifukwa chake mawa lomwe tulutsani matumbawo. Gulani loko wolimba, muwatsekere m'chipinda china. Ngakhale pakanapanda mkonono, mankhwala ophera anankafumbwe sayenera kukhala pamene munthu atsamira mutu wake. Pakuti mpweya umene Mlengi anatipatsa ndi wakuti tiupume woyera. Wazani madzi pansi musanasese, chapani mabulangete, yanikani matiresi padzuwa, ndipo mawindo akhale otsekula masana. Mayi azigona cham'mbali, osati chagada, mutu uli pamtsamiro wokwera pang'ono. Ena asokerera chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera kuti chiwakumbutse akatembenuka. Koma ichi mayi achite mwa kufuna kwawo, musawakakamize.

Tsono za Loweruka: musalidikire. Pindani mphasa ija lero, mubwerere m'nyumba, muwauze mayi zonse muli awiri. Munakhala chete kuti muwaphimbe, koma indetu kukhala chete kwanu ndiko kwawaliza, pakuti iwo ayesa kuti mwawada. Kwa a Kalinde mukangonena kuti, "Fumbi la matumba anga linatisowetsa tulo, ndipo ndawatulutsa." Mawu awa ndi oona, ndipo sachititsa mlongo wawo manyazi.

Koma chenjerani, pakuti ine sindine dokotala. Mukaona kuti mpweya wa mayi uima ali m'tulo, nadzidzimuka monga wotsamwa, kapena adzuka mutu ukuwawa namasinza masana, kapena mkonono ulipobe patapita milungu itatu, muwaperekeze kuchipatala, akawayezenso kuthamanga kwa magazi. Musawamwetse mankhwala ogonetsa, ndipo musawadonthezere m'mphuno zinthu zosadziwika.

Akuba aja anakulandani nkhokwe zaka zitatu zapitazo. Musawalole akulandeninso malo anu pambali pa a Ellina. Yehova adalitse nyumba yanu, asunge matumba m'chipinda chawo ndi inu awiri m'chipinda chanu, ndipo a Kalinde akadzadutsanso m'mawa adzapeze pakhonde pali nkhuku zokha.